Kanyali Kosaoneka ka m'Limoti

 Lero tiyambe tasiya za nazale. Ambiri a inu mukagulitsa fodya ku Kanengo mumabwerako ndi sola ndi wailesi ya kanema, ndipo poyendera minda yanu ndimamva dandaulo lakuti mabatire a m'limoti sakhalitsa. Tiyeni tione m'mene kacipangizoka kamagwirira nchito, kuti ndalama za feteleza zisathere ku mabatire.

Kumutu kwa limoti kuli kanyali kakang'ono. Mukadina batani kamayaka, koma kuwala kwace maso a munthu sakuona. Kuwalaku amakucha infrared, ndipo anakutulukira ndi William Herschel ku England m'caka ca 1800. Wofuna umboni aloze limoti ku kamera ya foni nadine batani. Mafoni ambiri amaonetsa kamoto kothwanima ngati ciphaniphani.

Kanyalika sikayaka kosalekeza monga tochi iai. M'malimoti ambiri kamayaka ndi kuzima ka 38,000 pa sekondi imodzi, ndipo pa kuphethira kuli konse nthawi yoyaka ndi gawo limodzi cabe mwa magawo atatu kapena anai. Kuphethirako kumadzanso m'timagulu, ndi mipata ya mdima pakati pace. Pa njira ya kampani ya NEC ya ku Japan, mpata waufupi ndi cizindikiro cina, wautali cinanso, ndipo zizindikiro 32 zimakwanira uthenga wonse, umene sutha ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Tsono uthenga wambiri uli mu mdimawo, ndipo mdima sudya batire. Nzeru yace ndi yomwe ija ya kakapu ka feteleza pa phando, m'malo momwaza munda wonse.

Kanema nayenso ali ndi diso lomvera kuphethira kwa liwiro lomwelo basi, monga mai azindikira kulira kwa mwana wace pa msika wa Nsaru. Kale sizinali tero. Limoti ya Eugene Polley ya m'caka ca 1955 ku America inali tochi yeniyeni, ndipo dzuwa likalowa m'nyumba kanema ankasokonezeka.

Cotero mabatire abwino ayenera kutha miyezi yambiri. Akatha msanga, yang'anani m'nyumba mwanu. Limoti ikatsala pansi pa mtsamiro, kapena wina akaikhalira, batani limakhala lodinika ndipo kanyali kamaphethira usiku wonse kopanda woonera. Kanema akakana kumvera, musakanikize batani ndi mphamvu ngati mukupha nsabwe. Pukutani pfumbi pa diso lija, cotsani coima pakati, ndipo dzuwa lisaombe pamenepo. Musaphatikize batire latsopano ndi lakale. Cizolowezi columa mabatire kuti adzuke ndicoipa, pakuti mankhwala a m'katimo amaocha m'kamwa ndi kudya zitsulo za limoti.

Kamoto kofiira kaja kotsala pa kanema mutamzimitsa ndi limoti katanthauza kuti diso lace lidakali maso, kudikira uthenga. Iye pamodzi ndi invata amamwa batire la sola kufikira m'mawa, ndipo batire limenelo ndilo la mtengo wa matumba a cimanga. Pokagona zimitsani pa swichi.

Mabatire otha musaponye pa moto, m'dimba, kapena pafupi ndi citsime, ndipo ana asaseweretse. Tsalani bwino.