Pampu ikakana kuyamba m'mawa, musaikakamize

Awa ndi mawu omwe analankhulidwa pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawalemba kuti amene munajomba mumveko.

Mukudziwa kuti pampu yathu ya sola ya ku dimba inakana kuyamba masiku awiri. Kagetsi kofiira kamangothwanima pa kontrola, uku mbande za tomato zikufota pa nazale. Ena amati mota yapsa, ena amati tichotse kabokosiko tilumikize pampu molunjika ku mapanelo. Tikanatero, bwenzi pano tikusonkha ndalama ya pampu ina m'malo mowerengera madengu opita ku Lizulu.

Mota ya pampu yathu ndi ya brushless, yopanda mabulashi. Mkati muli maginito ndi makoyilo atatu, n'chifukwa chake mumaona mawaya atatu aja, U, V ndi W. Payokha singazungulire ndi magetsi a panelo. Kontrola ndiyo imapatsa makoyilo magetsi mosinthanasinthana. Mota ikamazungulira imabweza timagetsi m'mawaya omwewo, ndipo kontrola imadziwira pamenepo pomwe maginito afika. Ikakhala chiimire, timagetsi timeneti kulibe, ndiye kontrola imakankha mongoyerekeza ndi mphamvu yambiri. Chinthu chikavuta pa nthawi imeneyi imazimitsa yokha kuti mota isapse. Ndiye kagetsi kofiira kakayaka, werengani kuti kakuthwanima kangati, kapena lembani nambala yomwe yatuluka, mufanizire ndi za m'buku la pampu. Kenako fufuzani motere.

Yambani ndi dzuwa. M'mawa kwambiri, kapena kukachita chiperoni, tesita imatha kuonetsa volteji yabwino, koma pampu ikangoyamba kukoka, volteji imagwa, kontrola n'kuzima, n'kuyesanso. Pamenepo palibe chawonongeka. Pukutani fumbi pa mapanelo, onani ngati palibe mthunzi wa nthochi, mudikire dzuwa likwere.

Palinso vuto lina limene anzathu a ku Tsangano ayenera kulidziwa. Panelo ikazizira, volteji yake imakwera. Panelo ya maselo 72 imapereka mavolti pafupifupi 45 isanalumikizidwe ku pampu, ziwiri zotsatizana ndiye pafupifupi 90. Werengani Voc kuseri kwa panelo, muphatikize, mufanizire ndi malire olembedwa pa kontrola. Mukakhala pafupi ndi malirewo, m'mawa wozizira wa June kapena July kontrola imakana, mwinanso kuwonongeka kumene. Osangowonjezera panelo chifukwa mwaipeza motchipa, eti?

Kenako madzi. M'chilimwe chitsime chimatsika. Pampu ikakhala pamwamba pa madzi, kapena sensa ya madzi ikauma, kontrola siilola kuyamba. Osadula sensayo. Pampu yoyenda popanda madzi imatentha n'kudyeka mkati.

Ngati dzuwa lilipo, madzi alipo, koma mukumva pampu ikugwedezeka pang'ono n'kusiya, kayikirani mchenga kapena matope. Mota ikagwidwa imakoka magetsi ochuluka, kontrola n'kudula. Apa m'pamene ambiri timalakwitsa: kuzimitsa, kuyatsa, kuzimitsa, kuyatsa. Kulikonse komwe mwayatsako mukuwotcha makoyilo. Kawiri n'kokwana.

Pomaliza mawaya. Zimitsani switchi ya mapanelo kaye, magetsi a sola nawonso amagwira munthu. Masulani U, V ndi W, muyeze ma ohm pakati pa awiriawiri. Manambala atatuwo azikhala ofanana kapena oyandikana kwambiri. Imodzi ikasiyana, pali waya woduka kapena polumikiza palowa madzi. Pakati pa waya ndi thupi la pampu pasapezeke njira ya magetsi. Pobwezera tsatani zilembo, chifukwa mukasinthanitsa awiri mota imazungulira chobwerera, madzi n'kumabwera ochepa kapena osabwera n'komwe.

Nanga yathu inali chiyani? Mchenga basi. Madzi atatsika tinaitsitsa mpaka kukhudza pansi. Tinaitulutsa, kuitsuka, kuimangirira m'mwamba pang'ono, ndipo inayamba nthawi yomweyo. Sitinalipire ngakhale tambala, koma mabedi awiri a mbande anapita.

Tsono tigwirizane: amene ali pa ntchito tsiku limenelo azilemba mu kope nthawi, mmene kunja kunalili, ndi mmene kagetsi kanathwanimira, asanakhudze chilichonse. Loweruka likubwerali tikumane ku dimba 7 koloko, aliyense agwireko tesita ndi manja ake.