Muyeso Wachilungamo Banja Likatha

Lero tikambirane nkhani yowawa: nyumba imene imatsala banja likatha.

Mu 1996, boma la Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za khonsolo kwa anthu amene ankakhalamo, ndipo mabanja ambiri a ku Kabwata mu Lusaka anakhala eninyumba. Lero ukwati ukatha, khoti limafuna kudziwa mtengo wa nyumbayo awiriwo asanagawane. Katswiri amabwera, n'kuona kukula kwa puloti, makoma ndi denga, kenako n'kuyerekeza ndi nyumba zimene zagulidwa posachedwa m'deralo.

Chiyeso chimayambira pomwepa. Wofuna kutsala m'nyumba amalakalaka mtengo utsike kuti mnzake apite ndi zochepa. Wina amabisa mapepala a nyumba. Koma Miyambo 11:1 imatichenjeza kuti Mulungu amadana ndi muyeso wachinyengo.

Katswiri sangathe kuyeza thukuta la mayi amene ankalawirira ku Soweto Market kukagulitsa tomato kuti simenti igulidwe. Mu 2000, pa mlandu wa Chibwe, khoti lalikulu kwambiri m'Zambia linagamula kuti mkazi wokwatiwa mwamwambo nayenso ali ndi gawo pa chuma cha banja.

Nafenso kumudzi kuno timagawa ng'ombe, malata ndi chimanga cha m'nkhokwe. Ife ankhoswe ndi akuluampingo, tisakondere m'bale wathu, ndipo tisaiwale kumene ana adzagone.

Ambuye, tiphunzitseni kuchita chilungamo ngakhale kwa amene anatilakwira. Amen.