Nyumba ya Mandala ndi Bungwe Limene Likuisunga

Nkhani ya lero ikukhudza nyumba zakale, ndipo chitsanzo chake chili mumzinda wa Blantyre.

Nyumba ya Mandala inamangidwa m'chaka cha 1882 kuti muzikhala mabwana a kampani ya African Lakes, imene inkayendetsedwa ndi John Moir ndi m'bale wake Frederick, ochokera ku Scotland. Dzina lakuti Mandala linabadwa chifukwa cha magalasi amene John ankavala: anthu poona kunyezimira kwake anam'tcha Mandala, ndipo dzinalo linafalikira kunyumba, kusitolo, mpaka kudera lonselo. Ndi nyumba yosanja, ya khonde lalikulu, yomangidwa ndi zidina ndi dothi. Zipangizo zake n'zimene mudzi uliwonse ukuzidziwa, koma yaima zaka zoposa 140.

Chimene chaisunga si kulimba kwa makoma kokha. M'chipinda cham'mwamba muli laibulale ya bungwe la Society of Malawi, limene linakhazikitsidwa mu 1946 pa dzina lakuti Nyasaland Society. Mamembala ake ndi anthu okonda mbiri ya dziko lino, ndipo amasungamo mabuku, mapu ndi zithunzi zakale zimene ophunzira amabwera kudzawerenga. Pamene pali mabuku, dontho la mvula silichedwa kuoneka. Munthu amakwera padenga lisanavunde, chiswe chimaphedwa chisanafike kumitanda, zenera losweka limakonzedwa. Nyumba yotsekedwa ndi loko ilibe woiona chotero. Mileme imalowa, ndipo malata amayamba kusowa usiku, limodzi lero, lina mawa.

M'mawodi ambiri muli makhoti akale a mafumu, masitolo osiyidwa ndi nyumba za mishoni zimene zangokhala. M'mawodi omwewo magulu a banki m'khonde, makalabu a alimi ndi magulu othandizana pamaliro amakumana pansi pa mtengo, ndipo mvula ikagwa msonkhano umathera pomwepo. N'zomvetsa chisoni kuti mbali ziwirizi sizikumana.

Komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ya dera ingathe kulemba nyumba zoterezi, kupeza eni ake, ndi kukambirana nawo kuti gulu lodalirika lizichitiramo misonkhano n'kumaisamalira. Mgwirizanowo ulembedwe papepala pamaso pa amfumu, kuti pasadzabuke mkangano wa umwini. Ngati nyumbayo ili m'gulu la zotetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, sikuloledwa kuigumula kapena kuisintha popanda chilolezo. Pa nkhani yotere komiti iyambe yadziwitsa ofesi ya bwanamkubwa wa boma, imene idzalumikizane ndi nthambi yoona za malo osungirako zinthu zakale, njerwa ngakhale imodzi isanachotsedwe.