Titsikire ku Nkhotakota, Tikayende Pansi



Ife a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi timaidziwa Nkhotakota ndi mpunga ndi usipa basi. Komatu mbiri yathu ili komweko. Cha m'ma 1840, Jumbe Salim bin Abdullah adakhazikika padooko limeneli, ndipo akapolo ndi minyanga ya njovu zochokera kumtunda kuno ankaziolotsa nyanja kupita nazo ku Kilwa. Ena mwa akapolowo adali makolo athu.

Tauniyi siimveka uli m'basi, imafuna kuyenda pansi ndi mwana wakomweko akukulondolera. Adzakuonetsani mkuyu umene David Livingstone adakumanirapo ndi Jumbe m'chaka cha 1863, ndi tchalitchi cha All Saints momwe mudaikidwa Bishopu Chauncy Maples, amene adamira m'nyanja mu 1895. Mudzaona mizikiti ndi matchalitchi moyandikana, Achewa, Ayao ndi zidzukulu za Aswahili akugula pamsika umodzi. Mu 2011 dziko lathu lidapereka ku UNESCO maina a malo a njira za akapolo, ndipo Nkhotakota ili m'gulumo.

Nkhalamba zodziwa nkhanizi zikutha, pamene ana athu akungoloweza maina kuti akhoze mayeso. Chomwecho pempho langa ndi ili: tisonkhe ndalama yoti ophunzira a Folomu 3 azipitako chaka chilichonse, ndipo owalondolerawo tiziwalipira moyenera. Ndikupempha kuti komiti itiuze mtengo wake tisanabalalike lero.