Thengo Nalonso Ndi Sukulu

Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi a masukulu a misyoni m'boma la Rufunsa

Munthu woyenda pa mseu wa Great East Road, kucokera ku Chongwe kufikira ku mlatho wa Luangwa, aona matumba a makala ali ndanda m'mbali mwa njira, kuyembekeza magalimoto opita ku Lusaka. Ana amene apita pa matumbawo m'mawa uli wonse ndiwo akhala pamaso pa mphunzitsi. Kuyambira caka ca 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu, ana anaculuka kopambana, ndipo mabuku ndi zipangizo sizikwanira. Koma mphunzitsi wa m'dziko la Mfumu Mpanshya, Shikabeta kapena Bunda Bunda asadandaule kuti alibe zophunzitsira, pakuti thengo liyambira kuseri kwa sukulu yace.

Coyamba ndi masamu. Mwana aimike ndodo ya mita imodzi padzuwa, napime mthunzi wace. Ngati mthunziwo uli mamita 2, ndipo mthunzi wa mtengo wa mombo pa nthawi yomweyo uli mamita 24, mwanayo apeza yekha kuti mtengowo utalika mamita 12, osaukwera konse. Pambuyo pace ana apite ku zitsa zosiyidwa ndi ootcha makala. Azunguliza luzi pa citsa, napimanso pakati pace modutsa. Luzi la masentimita 66 lipezeka pa citsa ca masentimita 21. Ndipo akayesa zitsa zisanu, zazikulu ndi zazing'ono, adzaona kuti kuzungulira kuposa kudutsa katatu ndi pang'ono nthawi zonse. Pamenepo 22/7 sacitanso kuloweza ngati nyimbo yopanda tanthauzo.

Caciwiri ndi sayansi. Ana amange kathumba ka pulasitiki pa nthambi ya masamba m'mawa. Pofika masana adzapeza madontho a madzi m'katimo. Tsono afunsidwe kumene mtengo utenga madziwo m'mwezi wa September, pamene mombo uphuka masamba ofiira mvula isanagwe. Yankho lili m'mizu yozama. M'dzinja afunsidwenso cifukwa cace bowa wambiri amera pansi pa mombo ndi msuku, osati pa munda wolimidwa. Bowayo akhala pamodzi ndi mizu ya mitengo, kupatsana nayo cakudya. Mitengo ikatha, ndiwo imeneyi ithanso.

Pali zinthu zitatu zoti mphunzitsi asamale. Apemphe cilolezo kwa a nyakwawa asanalowe ndi ana m'thengo, ndipo asayandikire kumanda. Ayambe wayendera malowo yekha cifukwa ca njoka ndi njuci. Koposa zonse, asacititse manyazi mwana amene atate wace aotcha makala, popeza yunifomu ya mwanayo inagulidwa ndi makala omwewo. Nkokwanira kuti ana awerenge zitsa ndi mitengo yamoyo pa malo a mamita 10 mbali zonse, nacurukitse ndi 100 kuti adziwe za hekitala imodzi. Awerengenso zitsa zimene zaphukira, ndi kuona kuti moto wa m'cilimwe upha mphukirazo. Ciwerengeroco cidzalankhula cokha, ndipo ana adzapita naco kwao.

Mphunzitsi wocokera kutali asacite manyazi kufunsa ana maina a mitengo m'Cisoli. Mwana wosayankha kanthu m'kalasi kawiri-kawiri ndiye atsogolera anzace m'thengo, ndipo akalawa ulemu umenewu tsiku limodzi, masamu sawaopanso. Akulu anati m'mera mpoyamba.