Kapepala Kowala Koulula Poizoni M'ndiwo

Mawu amene anayankhula mmodzi wa ife pa msonkhano wa ophunzira akale ku Sanga



Tonsefe timadya tomato, repu ndi chimanga chothira Actellic. Koma tingadziwe bwanji ngati mlimi anapopera Dimethoate dzulo n'kuthyola lero? Diso silingaone. Bungwe la Pesticides Control Board, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 2000, limavomereza mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno, ndipo a Malawi Bureau of Standards amayeza zakudya ku Blantyre. Koma tomato wa pamsika wa Chintheche kapena Mpamba sangadikire ulendo wa ku Blantyre. Pofika kumeneko n'kuti tinamudya kale.

N'chifukwa chake akatswiri akukonza timapepala tofanana ndi kachipangizo koyezera malungo kaja. M'malo mwa magazi mumadonthezapo madzi amene mwaviikamo ndiwozo, ndipo m'malo mwa mzere wofiira mumayang'ana kuwala. Pali mankhwala otchedwa luminol amene akakumana ndi hydrogen peroxide amatulutsa kuwala kwa buluu popanda moto, ngati ziphaniphani. Katswiri wa ku Germany, Albrecht, analemba za kuwalaku mu 1928. Pa timapepala tambiri totere, poizoni akachuluka m'madzimo kuwala kwa mzere kumachepa, ndipo kachida koyezera kuwala ndiko kamanena kuchuluka kwake.

Luminol sawala bwino payekha. Amafuna chomufulumizitsa, chimene m'kalasi ya sayansi tinkachitcha katalisiti. Kwa zaka zambiri ntchitoyi yakhala ya enzaimu yochokera ku muzu wa chomera cha horseradish. Vuto lake, enzaimu imafooka ikatenthedwa, ndipo nonse mukudziwa kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala.

Mu 2011 gulu la Zhang Tao ku Dalian, m'dziko la China, linaonetsa kuti n'zotheka kumwaza maatomu a platinum limodzilimodzi, lililonse n'kumagwira ntchito palokha. Taganizani za khoka. Anthu akaunjikana malo amodzi, ogwira chingwe amakhala ochepa. Mukawandandalika m'mbali mwa chingwecho, aliyense amakoka. Ndi mmenenso ziliri ndi maatomu: akakhala chibulumwa, am'kati amangokhala. Pambuyo pake ena anachita chimodzimodzi ndi maatomu otchipa a ayironi ndi cobalt, powakhazika pa kaboni wosakaniza ndi nayitirojeni. Amenewa amapirira kutentha kuposa enzaimu, ndipo kuwala kukakhala kwamphamvu, ngakhale poizoni wochepa amadziwika.

Ndisakunamizeni, anzanga. Zambiri mwa izi zikadali m'malabotale, ndipo kapepala kamodzi kamazindikira mtundu umodzi kapena mitundu yowerengeka ya mankhwala. Choncho ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, inu amene mumalima dimba, werengani pabotolo masiku oyenera kudikira mukapopera, ndipo muwasunge ngakhale mtengo pamsika utakwera. Lachiwiri, thumba lathu la chaka chino lithandize kugula zipangizo za m'labotale ya pasukulu pathu. Timapepalati tikadzafika kuno, padzafunika ana athu odziwa kutiwerenga ndi kufotokozera alimi popanda kuwaopseza. Mutu umodzi susenza denga.