INJINI YOPANDA MAPISITONI: ADADYERERA NDANI, ADALIRA NDANI?

 Mwandipempha kuti ndikambepo za anthu oponya ndalama zawo m'makampani olonjeza galimoto zosaipitsa mpweya ndi mainjini achilendo. Nkhaniyi ndi yaikulu zedi, tsono ine ndasankha injini imodzi yokha, ya mkulu wina wa ku Germany dzina lake Felix Wankel. Ndaisankha poti m'mbiri yake muli dzina lomwe aliyense muno akulidziwa, la Lonrho. Tifikapo.

Injini ya minibasi yomwe mwakwera pobwera kuno ili ndi mapisitoni. Pisitoni imakwera, kuima, kutsika, kuimanso, ngati munsi mu mtondo, ndipo pamafunika zitsulo zina zambirimbiri kuti kusinjako kusanduke kuzungulira kwa matayala. Injini ya Wankel ilibe zimenezo. M'malo mwa pisitoni muli chitsulo cha nsonga zitatu, chozungulira m'chipinda chooneka ngati khoko la mtedza wa njere ziwiri. Nsonga zitatuzo zimakhudza khoma nthawi zonse, choncho m'katimo mumakhala tizipinda titatu: pamene kena kakukoka petulo ndi mpweya, m'kena moto ukuyaka, kachitatu kakutaya utsi. Injini yake ndi yaing'ono, yopepuka, ya zitsulo zochepa, ndipo sinjenjemera. Mwini nzeruyu sadapiteko ku yunivesite, ndipo mpaka imfa yake m'chaka cha 1988 adalibe layisensi yoyendetsera galimoto kaamba ka vuto la maso. Pa ndale adali wa chipani cha Hitler, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Injini yoyamba idalira m'chaka cha 1957 ku fakitale ya NSU mu mzinda wa Neckarsulm. NSU idali kampani yotchuka ndi njinga zamoto, thumba lake losazama kwenikweni poyerekeza ndi akuluakulu anzake. Mbiri itangomveka, makampani adayamba kufola kudzagula chilolezo chopangira injiniyi: Curtiss-Wright ya ku America, Mazda ya ku Japan mu 1961, Mercedes-Benz, ngakhale Rolls-Royce. Nayo NSU mu 1967 idatulutsa galimoto yake yonyadira, Ro 80, yomwe idasankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya ya chaka cha 1968. Amene mudaiona m'misewu ya kumeneko mundivomereze kuti idali yokongola kwabasi.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa nsonga iliyonse ya chitsulo chija pali kachitsulo kopyapyala kotseka mpata, ntchito yomwe maring'i amagwira pa pisitoni. Tizitsuloti tinkaperepeseka msanga, makamaka kwa oyenda mitunda ifupiifupi ya m'tauni, ndipo tikatha mphamvu yonse imathawa. Mainjini ambiri ankafa asanayende makilomita 50,000. Poti kampani idalonjeza ogula kuti injini ikafa msanga iwaikira ina, idayamba kugawa mainjini ulere. Imakambidwa nkhani yakuti eni galimotozi akakumana pamsewu ankaonetsana zala, chala chimodzi injini imodzi yomwe yasinthidwa. Mu 1969 Volkswagen idameza NSU n'kuiphatikiza ndi kampani yomwe lero mukuidziwa kuti Audi. Vuto la tizitsulo lidachepa pambuyo pake, koma mbiri yoipa idali itafala kale. Ro 80 yomaliza idatuluka mu 1977, zonse pamodzi zitangopitirira pang'ono 37,000, ndipo dzina la NSU pa galimoto lidathera pomwepo.

Mwina mukufunsa kuti nanga zitatero, bwanji anthu a ndalama sadathawe? Apa ndi pamene pakulowa nkhani ya utsi. Mu 1970 dziko la America lidakhazikitsa lamulo lokhwima loti utsi wa galimoto uchepe kwambiri m'zaka zochepa. Mwa mipweya yomwe lamulo linkalimbana nayo, wovuta kuuchotsa udali uja a sayansi amautcha nitrogen oxides, womwe umachuluka moto wa mu injini ukatentha kwambiri. Moto wa mu injini ya Wankel sutentha kufika pamenepo, choncho mpweya umenewu umatuluka wochepa. Makampani adaona ngati apeza njira yachidule. Chaka chomwecho General Motors idavomera kulipira madola 50 miliyoni pa chilolezo chokha, isanagulitse galimoto ndi imodzi yomwe.

Koma ukhondo wa injiniyi udali wa mbali imodzi. Kachipinda koyakira moto n'kotalika ndi kopyapyala, tsono petulo wina amatuluka osapsa. Kuonjezera apo, injiniyi imawotcha dala oyilo pang'ono kuti tizitsulo tija titerere. Akatswiri a Mazda, motsogozedwa ndi Kenichi Yamamoto, omwe adali atavutika zaka kupeza tizitsulo tolimba, adathana ndi utsiwo poika kang'anjo pa paipi ya ekizozi kopserezera petulo wotsalayo. Kang'anjoko kuti kayake bwino kankafuna kuti injini izimwetsedwa petulo wochuluka. Lamulo la utsi adalikwaniritsa ndithu, koma polipira ndi mafuta. Pa nthawiyo petulo ku America adali wotchipa, ndipo palibe adadandaula.

Tsopano tifike kwa a Lonrho. Mu 1971 kampaniyi, yomwe inkatsogozedwa ndi Tiny Rowland, ija idatsegula minda ya nzimbe ku Nchalo, kenaka ku Dwangwa, idagula kampani yomwe inkasunga gawo la Wankel pa ndalama za zilolezo. Wankel mwini adalandira ma Deutsche Mark 50 miliyoni. Taonani nthawi yomwe adagulitsira: mbiri ya injini ili pamwamba penipeni, General Motors itangosaina kumene. Patangopita zaka ziwiri, mu Okutobala 1973, mayiko a Aluya adatseka mpopi wa mafuta ndipo mtengo wake udakwera pafupifupi kanayi m'miyezi yochepa. Injini yakumwa kwambiri idasanduka mtolo wosafunika.

Zotsatira zake zidabwera motsatizana. General Motors idaimika ntchito yake mu 1974 ndipo sidagulitsepo galimoto ya injini imeneyi. Kampani yaing'ono ya American Motors, yomwe idali itakonza kale galimoto yake ya Pacer podalira kuti izigula mainjiniwa kwa General Motors, idachita kupanikizamo injini yakale ya mapisitoni. Ku France, Citroën idapanga galimoto 847 zokha za mtundu wa GS Birotor, kenaka n'kuyamba kuziwombola kwa eni ake kuti iziphwanye, poopa udindo wa masipeyala. Kampaniyi idali ndi mavuto enanso, koma ndalama zomwe idataya apa zidathandiza kuigwetsera m'manja mwa Peugeot. Mazda idatsala pang'ono kufa mu 1975. Idapulumuka ndi banki ya Sumitomo, antchito a m'fakitale adatumizidwa kukagulitsa galimoto zomwe zidaunjikana, ndipo mu 1979 Ford idagula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kampaniyo.

Chomwe ndikufuna muone, anthuni, n'chakuti palibe adanama pa nkhaniyi. Injini inkayenda. Akatswiri omwe adaikhulupirira sadali zitsiru. Koma amene adagulitsa pepala la chilolezo adalandira zake pomwepo, pamene amene adamanga fakitale ndi kulonjeza ogula adasenza injini iliyonse yakufa. Ndipo chomwe chidagamula mlandu sichidali pa chionetsero pomwe anthu ankaomba m'manja: kachitsulo kotalika ngati chala, ndi mtengo wa mafuta womwe udasinthidwa ndi nkhondo ya kutali. Pisitoni, ndi kuipa kwake konse, idali ndi zaka zambiri zokonzedwa, makaniko m'tauni iliyonse ndi masipeyala m'sitolo iliyonse. Itaikidwa chosefera utsi pa ekizozi kuyambira cha mu 1975, idakwaniritsa lamulo lomwe lija popanda kugwetsa fakitale ndi imodzi yomwe. Nayo Toyota, potulutsa Prius mu 1997, sidataye pisitoni koma idangoiphatikiza ndi mota ya magetsi, ili ndi thumba lotha kudikira.

Masiku ano, pamene munthu angagule masheya a ku New York ali pa foni, nthawi yonyengeka yafupika. Mu Juni 2020 kampani ya Nikola ku America, yolonjeza malole oyendera mpweya wa hydrogen, idaposa Ford pa mtengo wa masheya ake onse, isanagulitse lole ndi imodzi yomwe. Mu Sepitembala chaka chomwecho General Motors, yomweyo ya madola 50 miliyoni, idalengeza kuti itenga magawo 11 pa 100 alionse a kampaniyo. Patangopita masiku awiri zidaululika kuti lole yomwe idaoneka ikuthamanga mu kanema wa kampaniyo idangokunkhunizidwa pa mtsetse. General Motors idabwerera m'mbuyo pa zogula mashewazo. Mwini kampani, Trevor Milton, adapezeka wolakwa pa mlandu wa chinyengo mu 2022, pulezidenti Trump adamukhululukira mu 2025, ndipo chaka chomwecho kampaniyo idagwa. Milton sitingamuike gulu limodzi ndi Wankel, poti uyu adanama pamene uja adali ndi injini yeniyeni. Koma wogula masheya wamba, ali kutali ndi fakitale, onse awiri adakawaona chimodzimodzi: chithunzi chokongola ndi dzina la kampani yaikulu pambali pake.

Nanga injini ija idathera kuti? Mazda yokha ndiyo idakakamira. Idaichotsa m'galimoto za banja n'kuisiya m'galimoto za liwiro, momwe ogula sawerengera petulo, ndipo mu 1991 idapambana nayo mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France, koyamba kuti kampani ya ku Japan itero. Koma RX-8 idachotsedwa pa msika wa ku Ulaya mu 2010 italephera malamulo atsopano a utsi, ndipo mu 2012 adasiya kuipanga. Injini yomwe idagulidwa kaamba ka ukhondo idathamangitsidwa kaamba ka utsi. Mu 2023 Mazda idaibwezanso mu galimoto ya MX-30, koma ulendo uno yosalumikizidwa ku matayala. Ntchito yake idali yopukusa jenereta yodzazira batire.

Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Ndiimire pomwepa kuti tilandire mafunso.